Mpweya wa m'silinda pamwamba pa Nyika

Bwalo la ndege la Karonga lili m'chigwa, mamita opitirira pang'ono 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Koma kandege kakanyamuka apa kulowera chakummwera kamakumana ndi Nyika, komwe nsonga ya Nganda imapyola mamita 2,600. Mitambo ikaundana m'dzinja, woyendetsa amakwerabe kuti asiye mpata wokwanira pansi pake, ndipo posachedwa wafika mafiti 10,000. Tindege totere sitipoperedwa mpweya m'kati monga ndege zikuluzikulu. Wakunjawo ndi womwe munthu akupuma.

Apa pamayambira vuto lomwe oyendetsa ndege amalitcha hypoxia, kuchepa kwa okosijeni m'thupi. Kumwambako okosijeni akadali magawo 21 pa 100 monga pansi pano, kungoti mpweya wonse wapyapyala: pa mafiti 18,000 mphamvu yake yokankha imatsala pafupifupi theka, ndipo mapapo satha kulowetsa wokwanira m'magazi. Choipa nchakuti munthu sabanika ayi. Mwina mutu kuwawa, zikhadabo kuchita bii, koma ambiri amangomva kukoma ngati alawako kachasu, akuwerenga manambala molakwika kwinaku akudziona katswiri. Usiku maso amayamba kufooka ngakhale pa mafiti 5,000. Nchifukwa chake malamulo a ICAO, bungwe la mayiko loona za ndege, sadikira kuti munthu adzimve yekha: kupyola mafiti 10,000 kwa mphindi zoposa 30, woyendetsa avale okosijeni, kupyola 13,000, nthawi yonse.

Zida zake nzochepa. Pali silinda, nthawi zambiri ya aluminiyamu, yomangirira kumsana kwa mpando. Pakamwa pake pali regulator, yomwe imatsitsa mphamvu ya mpweya wopanikizidwawo kuti usatuluke mwaukali. Kenako cannula, timapaipi tiwiri ta m'mphuno tija ambiri adationa m'zipatala nthawi ya Covid-19. Cannula imathandiza mpaka mafiti 18,000. Kupyola apo nkuvala masiki. Wa chimfine, wopumira kukamwa, cannula siyimupindulira kwenikweni.

Pogula, nkhani yaikulu ndi katulutsidwe ka mpweya. Continuous flow imangotulutsa osalekeza, pafupifupi lita imodzi pa mphindi pa mafiti 10,000 aliwonse, ngakhale pomwe munthu akupumira kunja. Ndi yotchipa, yosavuta, koma yowononga. Pulse demand imadikira kuti muyambe kukoka mpweya, ndiye nkupereka kachigawo kochepa panthawi yomweyo, motero silinda imakhalitsa kangapo. Nthawi zambiri imafuna mabatire, ndipo mtengo wake ngokwera. Komabe kwa wouluka kuchokera ku Karonga ine ndingasankhe imeneyi, chifukwa funso lenileni kuno si la kugula silinda koma la kukaidzazitsa kuti. Okosijeni wa m'ndege amayenera kukhala wouma, kuopa kuti chinyezi chingaundane m'mapaipi kumwamba kozizira, ndipo sapezeka pa golosale.

Kachida kena kosasiya ndi pulse oximeter, kopana pachala, koyeza okosijeni m'magazi. Munthu wathanzi pansi pano kamamuonetsa 95 kapena kuposa. Kakatsika pansi pa 90, tsegulani mpweya ngakhale lamulo lisanakukakamizeni. Wosuta fodya hypoxia imamugwira msanga.

Girisi ndi mafuta zisayandikire regulator, pakuti zikakumana ndi okosijeni wopanikizidwa zimatha kuyaka zokha. Ngakhale Vaseline yemwe timadzola milomo ikang'aluka ndi chisanu cha ku Chelinda pa Nyika, mupukute musanavale cannula.