Za Kaphirintiwa, Phiri la Makolo

Mitundu yambiri iri nalo phiri lache lopatulika. Anthu a ku Ireland ali nalo la Tara, kumene analonga mafumu ao akale. Ife tiri naye Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, pa malire a Malawi ndi Mozambique. Ngakhale kutalika kuchokera kuno ku Chikweo, mbiri yache itikhudza, pakuti Anyanja a m'mbali mwa Chiuta ndi Chilwa ali mbumba imodzi ndi Achewa, onsewo ana a Amaravi.

Dzinalo tilipenyetse. "Ka" ndi mau ochepsa, monga m'kamwana ndi kamtengo; tsono makolo sanasankha phiri lalitali ai, koma kaphiri.

Akulu amati pa chiyambi dziko linali louma, lopanda chamoyo. Ndimo Chauta anatsika ndi mvula, pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi oyamba, atanyamula khasu, mtondo ndi lichero, ndi nyama zomwe. Thanthwe linali lofewa, napondapo iwo; litauma, mapazi ao anatsala pamwalapo. Onse anakhala mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto. Tchire linapsa, nyama zinathawa munthu, koma galu ndi mbuzi anathawira kwa iye. Chauta nakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Potero makolo anaphunzitsa kuti nzeru yosasamala ipasula chibale.

Pambuyo pache kachisi anasamukira ku Msinja. Kumeneko kunakhala Makewana, ndiko kunena mai wa ana, wa mfunda wa Banda, wopempha mvula m'malo mwa dziko lonse. Tsitsi lache sanameta, kuopa kuti mvula ingaleke. Anamtumikira akazi ochedwa Matsano, ndipo ng'oma yopatulika, Mbiriwiri, inasungidwa ndi Tsang'oma. Nkhondo za Angoni za m'ma 1800 zinapasula mudziwo, ndipo zambiri zikadaiwalika akadapanda kuzilemba Samuel Nthara m'buku la Mbiri ya Achewa, ndi W. H. J. Rangeley m'chaka cha 1952.

Tsono wopita kukaona malowo asapite ngati wopita kumsika. Ayambe waonekera kwa mfumu ya dziko, apemphe wamkulu womtsogolera, ndipo asagobe mwala kapena kulembapo dzina lache. Ngakhale Mkristu kapena Msilamu angathe kulemekeza pamene makolo ache anafunafuna Mlengi.

Koma pali chotidetsa nkhawa. Boma linapatula nkhalango ya Dzalanyama m'chaka cha 1922, ndipo mtsinje wa Lilongwe uchokera momwemo. Komabe ootcha makala anaidula kolimba, kotero kuti m'chaka cha 2015 anatumizako asilikali kukailonda. Moto umene nthano inanena wafikanso pa phiri lomwelo. Aphunzitsi anzathu, tifotokozere ana mbiri iyi, kuti pofika iwo kumeneko akapeze mapazi ali pansi pa mthunzi wa mitengo.