Galu wa Kumudzi ndi Mbiri Yace

M'midzi ya Acewa, Angoni ndi Ansenga yozungulira Chipata, mzinda umene kale unkachedwa Fort Jameson, mlendo aliyense amayamba kulonjeredwa ndi galu asanaone mwini nyumba. Ndi galu woonda, wa ubweya waufupi ndi mlomo wosongoka, ndipo kawirikawiri amakhala wofiirira. Anthu ambiri ophunzira amamnyoza namuyesa galu wacabe, nasirira agalu a Azungu. Koma galu ameneyu ali ndi mbiri yaitali yoposa ya maufumu onse a dziko lino.

Mtundu wina wa anthu unatsala pang'ono kutaya galu wace cifukwa ca kunyoza kotereku. Ku Mexico kuli galu wopanda ubweya wochedwa Xoloitzcuintli. Anthu a mtundu wa Aztec anakhulupirira kuti galuyu anacokera kwa mulungu wao Xolotl, ndi kuti ndiye amaolotsa mzimu wa womwalira pamtsinje wa ku dziko la akufa. Motero ankamuika m'manda pamodzi ndi mbuye wace. Azungu a ku Spain atagonjetsa dzikolo mu 1521, galuyu anapeputsidwa nayamba kusowa, kufikira mu 1954 pamene anthu anapita kukamfunafuna m'midzi yakutali kuti mbeu yace isathe.

Galu wa kuno naye ndi wakalekale. Mafupa a agalu oweta opezeka ku Egypt ali ndi zaka zoposa 6,000. Kucokera kumpotoko agalu anatsikira kum'mwera pamodzi ndi anthu olima ndi osula zitsulo, ndipo pofika zaka za m'ma 500 anali ataoloka kale Limpopo. Tsono Angoni a Zwangendaba pooloka Zambezi mu 1835 anapeza galu atakhazikika kale m'midzi ya kuno.

Acewa amamchula ngakhale m'nthano ya ciyambi ca dziko. Makolo amati pa Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, Cauta, anthu ndi nyama anakhala pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu anapeka moto, chire ndi kuyaka. Njobvu, mkango ndi zinzace zinathawira kuthengo zili ndi mkwiyo, koma galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu. Nthanoyi iphunzitsa kuti pa tsiku limene cilengedwe conse cinadana ndi munthu, galu anasankha kukhala naye.

Nchito yace inali yaikuru. Pa uzimba ndiye ankanunkhiza mapazi a insa, kalulu ndi nchenzi, nazipirikitsira ku maukonde kumene amuna anadikira ndi mikondo ndi zibonga. M'nyengo ya cimanga caciwisi ankaingitsa anyani kumunda, ndipo usiku ankadzutsa mudzi fisi akayandikira khola. Analinso mkamwa mwa mbuye wace: mai wosautsidwa ndi mkazi mnzace ankacha galu wace dzina lokuluwika, monga Adzatopa, ndipo pomuitana pabwalo mau ankafika kwa mwini wace popanda mlandu. Akuru anaona nzeru zace naika mwambi wakuti, "Galu wamkota sakandira pacabe."

Masiku ano uzimba unacepa, pakuti nyama zambiri zatsalira m'nkhalango zotetezedwa monga ya Luangwa, ndipo galu wasanduka wongotola nyenyeswa. Galu wosasamalidwa ndiye amabweretsa ciwewe, nthenda imene siciritsika ikayamba kuonekera, ndipo amene amalumidwa kawirikawiri ndi ana a sukulu.

Apa ndipo pali gawo la mphunzitsi. Angatume ana kukafunsa agogo ao maina a agalu akale ndi matanthauzo ace, ndi kulemba zimene amva m'makope ao. Limeneli ndi phunziro la mbiri losafuna buku. Awauzenso kuti galu afunika cakudya ndi katemera caka ndi caka, ndi kuti wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri, nathamangire kucipatala tsiku lomwelo. Mwana wodziwa kumene galu wa kwao anacokera sadzafulumira kumtola mwala.