Creatine: Ntchito Yake M'minofu ndi Malire Ake

Creatine ndi chinthu chimene thupi limapanga lokha m'chiwindi ndi mu impso, pafupifupi galamu imodzi patsiku, ndipo imapezekanso mu nyama ndi nsomba. Anaitulukira ndi katswiri wa ku France, Michel Eugène Chevreul, mu 1832. Ufa wake unatchuka pakati pa ochita masewera pambuyo pa mpikisano wa Olympics wa ku Barcelona mu 1992.

Pafupifupi 95 peresenti ya creatine imasungidwa m'minofu, momwe imabwezeretsa mphamvu mwamsanga pa ntchito yaifupi koma yolemetsa, monga kunyamula zitsulo. Mlingo wofala ndi magalamu 3 mpaka 5 patsiku. Poyamba thupi limalemerako chifukwa minofu imasunga madzi.

Achinyamata onyamula zitsulo ku Ruwa, kum'mawa kwa Harare, ayenera kudziwa kuti ufawu sulowa m'malo mwa chakudya chokwanira ndi khama pa masewera. Bungwe la WADA silinauletse, koma ufa wosadziwika kochokera ungakhale wosakanizidwa ndi mankhwala oletsedwa, ndipo wopezeka nawo m'thupi amaimitsidwa pa mipikisano. Odwala impso ayambe afunsa dokotala.