MUNTHU AMENE CITSULO CINAMBOOLA MUTU

Lero sindinena za cimanga ai, koma za Phineas Gage wa ku America.

Pa 13 September 1848, Gage anali kapitao wa anthu olambula njira ya njanje pafupi ndi Cavendish, ku Vermont. Alikutsendera onga m'thanthwe, ongawo unaphulika, ndipo citsulo cace colemera mapaundi 13 cinalowa pa tsaya lamanzere ndi kuturukira pa liwombo. Sanafe. Koma dotolo wace, John Harlow, analemba kuti munthuyo anasanduka wopulukira ndi wotukwana, kotero kuti mabwana ace anakana kumbwezera ukapitao.

Ambiri posimba nkhaniyi amalekera pomwepa, ndipo ine nditi alakwa. Mu 1852 Gage anapita ku Chile, nakagwira nchito yoyendetsa ngolo ya akavalo yonyamula anthu, kufikira 1859. Inu okoka ngolo ndi ng'ombe mudziwa kuti nchito yotere ifuna kulawira m'mamawa, kudyetsa ziweto, ndi kulankhula bwino ndi okwera. Akatswiri ena lero aganiza kuti kugwira nchito pakati pa anthu ndiko kunamkhazikitsanso mtima. Mafumu, kodi uja anagwa pa lole m'mudzi mwanu mumpatsa cocita, kapena mungomtsekera m'nyumba?

Gage anafa ndi khunyu mu 1860 ku San Francisco. Mu 1866 Harlow anayamba kulemberana makalata ndi mai wace, ndipo banja linabvomera kufukula manda. Cibade cace ndi citsulo cija ziri ku Harvard kufikira lero.