Mbale imene Fleming sanaitsuke

Cimbala cikagona masiku atatu m'dzinja cimamela ubweya wobiliwila, ndipo timatayila nkhumba osaciyang'ana kawili. Ubweya uja ndi cuku, camoyo cimene cimadya zoola. Lelo mumve za munthu amene anaciyang'anitsitsa.

Alexander Fleming, dokotala wa ku Scotland, anali kufufuza tizilombo ta matenda pa cipatala ca St Mary's ku London. Anali ndi masewela ake: kujambula zithunzi ndi tizilombo. Tina tikaculukana timaoneka tofiila, tina tacikasu. Iye anali kutibyala ndi kawaya m'mbale ya cakudya cake, mbaleyo n'kukhala ngati mulibe kanthu. Tikakula, nyumba, msilikali kapena mayi woyamwitsa n'kutulukila. Cithunzi cotele sicikhalitsa, pakuti utoto wake ndi wamoyo, umakula n'kudumpha malile. Ine ndiona kuti diso lake linaphunzila pamenepo kuona pamene camoyo cina calekezela ndi pamene cinzake cayambila.

Mu September 1928, atabwelako kokapuma, anapeza mbale ina itagwa cuku. Wina akanangoitsuka. Iye anaona kuti mozungulila cukuco tizilombo ta zithupsa tasungunuka. Anaijambula ndi kamela cisanafote, ndipo cithunzico cinasindikizidwa mu 1929 pamodzi ndi dzina latsopano, penicillin.

Mankhwala enieni anacedwa. Howard Florey ndi Ernst Chain anawayenga ku Oxford, ndipo mu 1941 anawayesa pa wapolisi wodwala kwambili. Anayamba kucila, mankhwala anatha, munthu anapita. Cuku cobala mankhwala oculuka cinapezeka mu 1943 pa vwende loola pamsika wa ku Peoria, ku America. Vwende loola! Jekeseni imene mayi wapakati amalandila akapezeka ndi cindoko, kaya ku Petauke kaya ku St Francis ku Katete, ndi mdzukulu wa mbale ija.

Koma wina asakanene kumudzi kuti pa wailesi ati cuku ndi mankhwala. Cimene cimagwila nshawa ndi cimanga cosungidwa cisanaume ndi mtundu wina, Aspergillus. Cimasiya poizoni wa aflatoxin, wowononga ciwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Akatswili anamuzindikila pamene nkhukundembo 100,000 zinafa ku England mu 1960, zitadya cakudya ca nshawa za ku Brazil.