Kukumbukira Bambo Schoffeleers, bwenzi la Khulubvi

Pa 24 Epulo 2011, tsiku la Pasaka, Bambo Matthew Schoffeleers anatisiya ali ku Maastricht, m'dziko la Netherlands. Anali wansembe wa chipani cha Montfort, ndipo anafika kuno ku Malawi mu 1955 n'kudzatumikira m'chigwa cha Shire. Tsikuli likamafika, mtima wanga umathamangira ku Khulubvi, ku Nsanje.

Amishoni ambiri masiku amenewo ankati za kachisi wa Mbona n'za ziwanda. Bambowa ayi. Ankayala mkeka ndi akuluakulu a Chimang'anja n'kutchera khutu: mmene Mbona, woitana mvula, anathawira adani ake, mmene anamuphera ku Ndione, mutu wake n'kukaikidwa m'nkhalango ya Khulubvi. Kumeneko munthu salowa ndi nsapato, ndipo nsalu yovomerezeka ndi yakuda. Zimene anamva anazisunga m'buku lawo la River of Blood, lomwe linatuluka mu 1992. Unsembe wawo sanautaye, koma sanalavulirenso chitsime cha eni mudzi.

Ndikuwakumbukira chifukwa mawu onyoza sanathe. Pamaliro pomwe, mlaliki amatha kuloza nsembe za mvula n'kuti ndi za Satana, nkhalamba zitakhala kutsogolo, mitu itawerama. Zimawawa, ndipo ena amati onyoza otere azimangidwa. Lamulo lilipodi: gawo 130 la malamulo a milandu, omwe tinatengera kwa atsamunda, limati wolankhula dala mawu opweteka chikhulupiriro cha mnzake angathe kukhala kundende chaka chimodzi.

Ine sindikuvomereza zomanga onyozawo. Ndende yotereyi kawirikawiri imakomera wa mpingo waukulu, wa mawu m'boma. Mlonda wa kachisi wa udzu angakasumire ndani? Komanso gawo 33 ndi gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino amateteza chipembedzo ndi kulankhula limodzi. Wotentha kachisi, wodula mitengo ya Khulubvi, wosokoneza mapemphero, ameneyo apolisi amugwire, pakuti waononga chooneka ndi maso. Koma wa pakamwa ayankhidwe pabwalo, pamaso pa mfumu, monga makolo ankachitira.

Abusa, ansembe, mashehe a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, musananyoze Mbona paguwa, kafikeni kaye ku Khulubvi, muvule nsapato, mumve zimene eni ake anena.