Vekita si udzudzu wokha

Kuno ku Golomoti ndi Mtakataka, tikamva mawu akuti vekita timangoganiza za udzudzu, poti azaumoyo amawatchula akamakamba za malungo. Ndiye ena akamva kuti katemera ali ndi vekita, mtima umagunda.

Mawuwa adachokera ku Chilatini, ndipo amangotanthauza wonyamula. Wakabaza amene wakutengani pamsewu wa M5 n'kukakutulani ku chipatala cha Mua, ameneyonso ndi vekita.

Asayansi akafuna kulowetsa uthenga wa chibadwa, DNA kapena mRNA, m'maselo a munthu, amafuna wonyamula, chifukwa pawokha uthengawo umawonongeka usanafike. Ena amatuma kavairasi kofooketsedwa, monga m'katemera wa AstraZeneca amene adafika m'Malawi mu 2021. Ena amatuma timafuta totchedwa lipid, ndipo njira imeneyi ndiyo imandichititsa chidwi. Timafutato tili ndi mphamvu ya positive, uthengawo uli ndi negative, ngati mbali ziwiri za batire la tochi. Zimakokana, timafuta n'kuukuta uthengawo bwinobwino, n'kuulowetsa m'selo popanda vairasi. Wasayansi Philip Felgner ndi anzake adaonetsa njirayi mu 1987, ndipo katemera wa Pfizer amanyamulidwa ndi timafuta tofananirapo.